Phokoso la Kumbuyo

Mu Disembala ku Leeds mdima umafika folo koloko,
msanga ngati mwini ngongole.
Ine umandipeza nditatsikira kale pansi,
m'chipinda chopanda zenera
momwe pampu ya heliyamu imapuma usiku wonse:
tswii, phu; tswii, phu.

Pa kachidutswa ka silikoni kochepa kuposa chikhadabo
ndinayala timawaya titatu
toti diso silingatione ngakhale litatong'oka:
tiwiri ta maginito, togona moyandikana,
kachitatu ka mkuwa, kopingasa ngati ulalo.
Tsitsi limodzi la m'mutu mwanga litagwera pamenepo
lingakhale mlambe wogwa ndi mphepo.

Magetsi ndimawalowetsa apa, n'kuwakhotetsera kumanzere.
Kumanja saloledwa.
Kumanja kumangoyenda mphekesera:
ma elekitironi, tinguli tosatopa,
kunong'onezana mbali imene akuzungulirira.
Ndikatembenuza maginito, mzere pa kompyuta umalumpha;
ndikawabweza, umatera.
Kulumphako ndiye nkhani yanga,
ndiye zaka zitatu, ndiye chidindo cha m'pasipoti.

Koma mzerewo sutera pa ziro.
Umaima m'mwamba pang'ono, ngati munthu wopondera pa njerwa,
ndipo kukafunda umakwererabe.

Dokotala Ainsworth anasuzumira, kapu ya tiyi ili m'manja.
"Chimenecho n'cha kumbuyo chabe. Chotsera."
Gethin, wokonza makina, anasekera m'ndevu:
"Aliyense amangochotsera.
Sindinaonepo wochifunsa dzina."

Ine ndinachifunsa.
Ndinatembenuza magetsi, kupita ndi kubwera;
mbali ina inafa, ina inakana.
Ndinatalikitsa ulalo; mphekesera za tinguli zinazilala,
icho chili duu.
Kunali kutentha.
Pamphambano pomwe zitsulo ziwiri zakumana
pamafunda pang'ono, pang'ono zedi,
ndipo kufundako sikudziwa malire amene ndinajambula:
kumalowa pansi, kuyenda chobisala m'silikoni,
kukatulukira kumanja
komwe ndinalumbira kuti sikungafike kanthu.

Usiku womwewo, pa siteji ya basi ku Woodhouse Lane,
mvula ikuwaza ngati yokakamizidwa,
foni inalira. Anali Tiyanjane, mng'ono wanga.
"Bambo ali bwino," anatero. "Adya. Akupereka moni.
Iwe limbikira sukulu."
Mawu ake anali ochapa, osita, opanda khwinya.

Koma kumbuyo kwake
sindinamve wailesi ija bambo sazimitsa,
kapena chigayo cha kwa a Mbendera.
Ndinamva timatayala tikulira pa simenti,
chitsulo chikugunda chitsulo,
mayi wina akuitana nambala ya bedi,
ndi chifuwa chimodzi, chochokera pansi,
chimene ndingachizindikire pakati pa zikwi.

"Uli kuti?" ndinafunsa.
"Kunyumba," anayankha, mofulumira kwambiri.
Basi inafika, inatsegula chitseko,
inandidikira, inapita.

M'mawa ndinatsikiranso pansi, jekete isanaume.
Ndinatsegula mutu wachinayi wa zolemba zanga,
paja ndinati: cha kumbuyo chachotsedwa.
Ndinafufuta mawuwo.
Ndinabwezeramo mzere wonse monga unabwerera,
ndi njerwa yake yomwe,
pansi pake n'kulemba muyeso wa kutenthako
ndi njira imene kunadzera.
Ainsworth adzadandaula kuti chithunzi chanyansa.
Adandaule.

Kenako ndinayamba kufunsa mitengo ya ndege yotera pa Chileka.
Gethin anaona nambalayo, n'kuimba mluzu,
n'kundisunthira mabisiketi ake osanena kanthu.

Pampu ija ndinasiya kuimva chaka chatha;
khutu linaichotsera lokha, osandiuza.
Lero yabwerera.
Tswii, phu.
Ndakhala pano, dzanja pa foni,
ndikuwerenga mpweya wake.